Kugulitsa Njinga Yamoto Yokhalitsa M'nyumba Pamodzi ndi Masipeyala Ake

Njinga zake ndi ziti

Njinga zamoto zoyenda pa tala ndi m'tinjira tam'midzi momwe zinafika m'boma la Nkhotakota kale kwambiri, kabaza wa njinga zamoto asanayambe. Amene ankayendera njingazi ndi alangizi a zaulimi ndi a ziweto, azaumoyo, ansembe ndi abusa, komanso ogwira ntchito m'mabungwe a chitukuko. Zodziwika kwambiri ndi Yamaha DT 125 ndi DT 175, Yamaha AG 100 ndi AG 200, Honda XL 125 ndi XL 185, kudzanso Suzuki TF 125 ndi TS 185. Zonsezi n'za makampani a ku Japan. Mtundu umenewu unatchuka kuyambira mu 1968, pamene Yamaha inatulutsa DT-1, ndipo Honda inatsatira ndi XL 250 mu 1972. AG inapangidwira alimi a ziweto a ku Australia ndi New Zealand, n'chifukwa chake ili ndi kaliyala wolimba ndipo tcheni chake n'chovindikiridwa kuti matope asachipeze.

Sizivuta kuzizindikira. Injini imakhala patali ndi nthaka, ekizozi imakwera m'mwamba kuti isamwe madzi powoloka khwawa, ndipo pa DT ndi XL tayala lakutsogolo ndi lalikulu, la mainchesi 21, pamene lakumbuyo ndi la 18. Kapangidwe kameneka ndi kamene kamazipatsa mphamvu pa msewu wafumbi wa ku Mwansambo nthawi yadzinja, mumchenga wa m'madoko a asodzi, ndi m'madambo a mpunga a ku Bua ndi ku Kaombe.

Zambiri mwa njingazi zinathera m'makomo. Ina munthu anaigula pa okushoni, ina anaitenga pa ngongole ya kuntchito n'kupita nayo kumudzi atapuma. Tsiku lina inavuta kulira, kapena mwini wake anadwala, ndipo inakankhidwira m'kachipinda kosungiramo makasu ndi matumba a mpunga. Pambali pake pamakhala katoni kapena thumba la masipeyala amene mwini wake ankasonkhanitsa pang'onopang'ono. Banja likaganiza zoigulitsa, ndalama zambiri zimatayika wogula asanafike n'komwe, ndipo zimatayikira pa zinthu ziwiri: mapepala osalongosoka, ndi phuma lofuna kumva injini ikulira tsiku lomwelo.

Umwini ndi mapepala

Ntchito yoyamba si ya sipanala. Banja liyambe lafunafuna bulu buku, imene ndi umboni wa boma wosonyeza mwini wake wa njinga, ndipo lifananitse manambala olembedwa m'menemo ndi amene ali pa njingayo. Nambala ya chesisi imadindidwa pakhosi pa felemu, pamene pamazungulira mahandulo, ndipo nambala ya injini imakhala pa chitsulo cha m'munsi mwa injiniyo. Ngati dothi ndi girisi zakwirira manambalawa, atsukidwe ndi kansalu konyowetsa ndi palafini. Asapalidwe ndi tupa kapena sandipepa wokhakhala, chifukwa nambala yooneka ngati yakhudzidwa imakayikitsa wogula ndi apolisi omwe, makamaka masiku ano pamene umbava wa njinga zamoto wafala. Njinga zakale zambiri zinasinthidwapo injini. Ngati nambala ya injini ikusiyana ndi ya m'bulu buku, wogula auzidwe poyambirira pomwe, ndipo lisiti la injini yachiwiriyo lifunidwe.

Kalembera wa galimoto ndi njinga zamoto ali m'manja mwa nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoitchula kuti Road Traffic. Kuyambira mu 2015 nthambiyi imagwiritsa ntchito dongosolo la pa kompyuta lotchedwa MalTIS, momwe mwini galimoto amakhala ndi khadi lake ndipo amazindikiridwa ndi zidindo za zala. Njinga imene inaimikidwa chaka chimenechi chisanafike ikhoza kukhala ndi bulu buku yakale yofunika kuilowetsa kaye m'dongosolo latsopanoli. Ndi bwino kukafunsa ku ofesi kwenikweniko njinga isanalengezedwe, m'malo modalira madobadoba amene amayendayenda panja pa maofesi otere. Kuchokera pa boma la Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 200, choncho ulendo umodzi wokonzekera bwino umapulumutsa ndalama zambiri za thiransipoti.

Nkhani imakula ngati dzina la m'bulu buku ndi la munthu amene anamwalira. Njinga yotere ndi chuma chamasiye, ndipo lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la mu 2011 limati ngati malemu sanasiye wilo, oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene ankadalira iye. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Mwana wamkulu, malume, kapena mchimwene wa malemu sangangodzuka n'kuigulitsa chifukwa choti kiyi ali naye ndi iye. Pamafunika chilolezo choyendetsera chuma cha malemu, ndipo ofesi ya DC pa boma imathandiza kulongosola njira yake. Banja likhale pansi, mayi wamasiye alankhule maganizo awo momasuka, ndipo agwirizane pasadakhale za mtengo wotsikitsitsa ndi kagawidwe ka ndalama. Wogula wanzeru akangomva kuti pakhomopo pali kukokanakokana, amabwerera kapena amatsitsa mtengo kwambiri, ndipo sitingamunene kuti walakwa.

Palinso njinga zimene zinachokera ku boma kapena ku mabungwe. Ya boma inkayenda ndi nambala ya MG, ndipo ngati inagulidwa pa okushoni payenera kukhala lisiti ndi kalata yoitulutsira. Ya bungwe kapena ya mpingo mwina inalowa m'dziko muno osalipira msonkho wa pachipata, ndipo katundu wotere sasintha manja mpaka a Malawi Revenue Authority atavomereza kuti za msonkho zatha. Njinga imene munthu anangotsala nayo pulojekiti itatha, popanda kalata ina iliyonse, si yake, ngakhale itakhala pakhomo pake zaka 20.

Zimene zimachitikira njinga ikakhala osayenda

Kunyanja kuno njinga imawonongeka msanga kuposa ku Ntchisi kapena ku Kasungu, chifukwa mpweya umakhala wachinyezi ndiponso wotentha miyezi yambiri. Dzimbiri limagwira masipoko, malimu, tcheni, ndi mapaipi onyezimira a mafoloko akutsogolo. Limayambanso m'malo osaoneka: m'kati mwa limu, pansi pa chubu, ndi m'kati mwa thanki. Mwera ukamaomba umalowetsa mchenga wosalala paliponse pamene pali girisi.

Petulo wosiyidwa m'thanki ndiye amawononga kwambiri. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo wina mwa ethanol ameneyu amapangidwa konkuno ku Dwangwa, kumene kampani ya Ethco yakhala ikumutcheza kuchokera ku manyuchi a nzimbe kuyambira mu 1982. Njinga ikamayenda tsiku ndi tsiku, palibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo mafuta akakhala miyezi yambiri, madzi aja amatsikira pansi pa thanki n'kuyamba kudya chitsulo. Mbali yopepuka ya petulo imauluka, n'kutsala utomoni wofiirira kapena wobiriwira umene umatseka timabowo ta m'kabuleta. Munthu akatsegula chivindikiro cha thanki n'kumva fungo lowawasa ngati la vanishi, adziwe kuti mafutawo anafa kalekale. Akaunika ndi tochi amaona ngati dzimbiri langodera pamwamba kapena layamba kugwa zibenthu. Akapapasa pansi pa thanki kunja kwake n'kupeza penti itatupa timatuza, ndiye kuti chitsulo chatsala pang'ono kubooka.

Zinthu za labala zimauma n'kung'aluka: matayala, timapaipi ta mafuta, masilo a mafoloko, ndi kampira kolumikiza kabuleta ku injini. Siponji ya sefa ya mpweya imasanduka ufa. Makoswe amadya mawaya ndi siponji ya chishalo, ndipo amakonda kumanga chisa m'bokosi la sefa, momwe amatutiramo mankhusu a mpunga. Mavu omanga ndi dothi amatseka pakamwa pa ekizozi. Batire imene yakhala zaka osatchajidwa siidzukanso. Ambiri mwa mamodelo akalewa amayendera magetsi a mavoti 6, pamene njinga za masiku ano zimayendera 12, choncho batire ya njinga ya kabaza ikalumikizidwa mwachisawawa imapsereza mababu.

Msinkhu wa tayala umadziwika ndi manambala anayi omaliza olembedwa m'mbali mwake pambuyo pa zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2312 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2012. Ngati manambalawo ndi atatu okha, tayalalo linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike. Tayala lotere, ngakhale mano ake akuoneka atsopano, si lokwerapo munthu pa msewu wa M5.

Kuidzutsa injini

Apa m'pamene mabanja ambiri amaluza. Njinga ikangotulutsidwa panja, pamapezeka mnyamata wothira petulo n'kuyamba kuponda kiki ndi mphamvu zake zonse. M'kati mwa silinda mumakhala mouma, mwina mwadera dzimbiri, ndipo maringi amakhala atamatirira. Kuponda mwankhanza kumathyola maringi, kumakanda silinda, ndipo injini imene ikanadzuka ndi oyilo wa masupuni awiri imasanduka yofunika kuibowa ndi kugulira pisitoni yatsopano.

Njira yoyenera imatenga masiku angapo. Choyamba dothi la pozungulira pulagi lichotsedwe, kenako pulagi imasulidwe, ndipo pa bowo lake pathiridwe supuni imodzi kapena ziwiri za oyilo wa injini. Njinga isiyidwe masiku awiri kapena atatu kuti oyiloyo alowerere. Ikatero, ilowetsedwe giya yomaliza, pulagi ikadali yochotsa, ndipo munthu aikankhe pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo akumvetsera. Pisitoni ikayenda mofewa n'kumatulutsa mpweya pa bowo lija, ndi nkhani yabwino. Ikakana, pathiridwenso oyilo wosakaniza ndi dizilo n'kudikiranso. Ikakanabe patatha sabata, injiniyo yagwirana, ndipo ikufunika makaniko wodziwa kuitsegula. Kumenya pisitoni ndi chitsulo kudzera pa bowo la pulagi n'kuwonjezera bala.

Injini ikamasuka, oyilo wakale akhuthulidwe n'kuthira watsopano. Pa Honda XL pali kasefa ka waya kuseri kwa chotsekera chokhuthulira oyilo, ndipo katsukidwe, chifukwa injini imeneyi ikachedwa kulandira oyilo kumutu kwake, kamshafuti imadya mutuwo, ndipo mutu wa XL sungapezeke pa Dwangwa kapena pa Benga. Kabuleta imasulidwe ndi kutsukidwa. Majeti abooledwe ndi kachingwe kamodzi kofewa ka kopa kochokera m'waya wamagetsi, osati singano, imene imakulitsa bowo njinga n'kuyamba kumwa mafuta mosaneneka. Sefa ya mpweya ionedwe injini isanalizidwe, apo ayi ufa wa siponji ndi mankhusu a makoswe zonse zimamezedwa. Moto uyesedwe pogunditsa pulagi ku mutu wa injini n'kuponda kiki: moto wabuluu ndi wabwino, wofiira ndi wofooka. Pa mamodelo okhala ndi mapointi, nthawi zambiri kungowapukuta n'kokwanira.

Petulo woyamba asachokere m'thanki yadzimbiri. Achokere m'kabotolo koyera kolumikizidwa ndi kapaipi ku kabuleta, ndipo ntchitoyi ichitikire panja, kutali ndi mbaula, ndudu ndi denga laudzu.

DT, AG 100, TF ndi TS ndi injini zowotcha petulo pamodzi ndi oyilo wa 2T, amene amaperekedwa ndi kapampu kake. Kapampuka kakakhala zaka kosagwira ntchito sikodalirika, choncho petulo woyambayo asakanizidwe ndi 2T, mamililita 25 mpaka 30 pa lita imodzi, mpaka zitaoneka kuti oyilo akuyenda m'kapaipi. Injini zimenezi zilinso ndi masilo m'mbali mwa kirankishafuti amene amauma. Chizindikiro chake n'chakuti injini imathamanga yokha osatsika, kapena imafuka utsi woyera wambiri wosatha chifukwa ikuyamwa oyilo wa m'giyabokosi. Ikatero izimitsidwe msanga.

Ngati pakhomopo palibe wodziwa zimenezi ndipo palibe ndalama yolipira makaniko, n'kwabwino kugulitsa njingayo isanalizidwe, bola pisitoni ikuyenda. Wogula wodziwa njinga amakonda injini yosakhudzidwa kuposa imene yaseweretsedwa.

Zokonza ndi zosiya

Ndalama yolowa pa njinga yogulitsa iyenera kubwerera ndi phindu, ndipo si yonse imene imabwerera. Oyilo, pulagi, kapaipi ka mafuta, kutsuka kabuleta, kupopa matayala ndi kudzoza tcheni n'zotsika mtengo ndipo zimakweza mtengo wa njinga kwambiri, chifukwa njinga yolira ndi yosalira sizigulidwa mofanana. Thanki yadzimbiri lochepa imatsukika poithira viniga, kuisiya tsiku limodzi kapena awiri, kuikhutchumula ndi timanati tingapo m'kati, kenako kuitsuka, kuiumitsa padzuwa ndi kuipaka oyilo pang'ono m'kati. Matayala atsopano, kubowa injini ndi kukutira chishalo ndi zinthu zodula zimene wogula amafuna kusankha yekha.

Penti ndiyo isayerekezedwe. Njinga yakale yopoperedwa penti dzulo imaoneka ngati ikubisa kanthu, ndipo kwa okonda njinga zakale, penti ya kufakitale ndi zolemba zake pa thanki, ngakhale zitafwifwa, n'zamtengo kuposa utoto watsopano. Madzi a sopo, bulashi ndi kansalu ka oyilo n'zokwanira. Mabuleki okha ndiwo asanyalanyazidwe ngati wina ati akwerepo. Zomatira za pa nsapato za mabuleki zimamatuka zikakhalitsa pachinyezi, ndipo zikamatukira m'kati mwa habu, tayala limamanga mwadzidzidzi njinga ili paliwiro.

Masipeyala

Katoni ya masipeyala nthawi zina imaposa njinga yeniyeniyo pa mtengo, koma mabanja ambiri amaipereka ngati basela chifukwa sadziwa zimene zilimo. Zonse ziyalidwe pa mphasa kapena pa thumba loyera n'kuzigawa patatu. Gulu loyamba ndi zatsopano zimene zikadali m'mapaketi ake: pisitoni ndi maringi, magasiketi, mapuleti a kilatchi, masipuloketi, zingwe za kilatchi ndi mabuleki. Mapaketiwo asang'ambidwe, pakuti nambala yolembedwapo ndi imene imatsimikizira kuti chipangizocho n'cha fakitale ya Yamaha kapena Honda, ndiponso kuti n'cha modelo iti. Gulu lachiwiri ndi zogwiritsidwapo kale ntchito koma zabwino, monga kabuleta, magineto, koyilo, habu, limu, thanki yachiwiri, mutu kapena silinda. Gulu lachitatu ndi zotha: sipuloketi ya mano opindika, tcheni chotalika, mabelingi olira. Zimenezi zisasakanizidwe ndi zabwino pofuna kuti mulu uoneke waukulu, chifukwa wogula akapeza chotha chimodzi amayamba kukayikira zonse.

Pa pisitoni pamwamba pamakhala chizindikiro cha kukula kwake: STD, 0.25, 0.50 ndi zina zotero. Chimenechi chilembedwe pa mndandanda, pakuti pisitoni ya 0.50 imangolowa m'silinda imene inabowedwa kufika pamenepo. Kabuku ka malangizo ka njingayo, masipanala ake a kufakitale, kiyi wachiwiri ndi malisiti akale a ku galaja zisatayidwe. Zimasonyeza kuti mwini wake anali munthu wosamala, ndipo wogula amalipira chifukwa cha chimenecho.

Funso lovuta ndi lakuti masipeyala apite ndi njinga kapena agulitsidwe paokha. Ngati njinga ili ndi mapepala ndipo injini ndi yamoyo, zofunika kuti iyende bwino zipite nayo, koma ziwerengeredwe mtengo wake poyera, chimodzichimodzi, kuti wogula aone chimene akulipira. Zapawiri, monga thanki yachiwiri kapena injini yosungira, zimapeza msika wake kwa amakaniko ndi kwa eni njinga zamtundu womwewo. Kuphwasula njinga yathunthu kuti igulitsidwe zidutswazidutswa kumaoneka kwaphindu powerengera, koma kumudzi sikuyenda choncho. Kabuleta, magineto ndi malimu zimapita sabata yoyamba, kenako felemu ndi zotsala zimakhala pakhonde zaka zina zambiri. Njira imeneyi ndi yoyenera pokhapokha felemu itathyoka kapena injini itawonongekeratu. Ogula zitsulo zakutha amene amayenda ndi sikelo m'misika amalipira pa kilogalamu, osayang'ana kuti chitsulocho n'chiyani, choncho iwo alandire gulu lachitatu lokha.

Mtengo ndi nyengo yogulitsira

Mtengo umene malemu kapena mwini wake anagulira njinga zaka zambiri zapitazo sungathandize. Kwacha yakhala ikugwa: mu May 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Masipeyala onse amachokera kunja, choncho pisitoni imene yakhala m'katoni zaka 10 lero ndi yodula kwambiri kuposa mtengo wolembedwa pa lisiti lake. Njira yabwino ndi kufunsa mtengo wa njinga yamtundu womwewo imene ikuyenda, kwa amakaniko awiri kapena atatu osadziwana, wina wa pa boma, wina wa pa Dwangwa kapena ku Salima, n'kuchotserapo ndalama zimene wogula adzawononge pa matayala, batire, tcheni ndi mapepala. Makaniko amene akufuna kuigula yekha asakhale yemweyo woika mtengo.

Ogula ake ndi osiyana ndi a Lifo, SanLG kapena Boxer. Anyamata a kabaza kawirikawiri saifuna DT, chifukwa imamwa mafuta ambiri, imafuna 2T, chishalo chake n'chachifupi, ndipo tayala la mainchesi 21 silipezeka pa sitolo iliyonse. Wakabaza akainyoza, banja lisagwe mphwayi n'kutsitsa mtengo. Oifuna ndi alimi a nzimbe ndi a mpunga amene minda yawo ili kutali ndi tala, ogula nsomba oyenda m'madoko, ogwira ntchito m'midzi, amakaniko osowa masipeyala enieni a ku Japan, ndi anthu a m'mizinda ngati Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre amene amasunga njinga zakale chifukwa chozikonda.

Ndalama m'bomali zimayenda ndi zokolola. Kuyambira May mpaka August, mpunga utakololedwa, nzimbe zikudulidwa ndipo misika ya fodya ili yotsegula, ogula amakhala ndi ndalama m'manja. January ndi February ndi miyezi imene banja limapanikizika ndi chakudya, feteleza ndi fizi, ndipo ogula amadziwa zimenezi. Njinga imene yadikira zaka zonsezi ikhoza kudikiranso miyezi itatu, ngati vuto la pakhomo likulola.

Kulengeza ndi kulandira ogula

Uthenga umayenda kudzera mwa amakaniko, kutchalitchi ndi kumzikiti, pa WhatsApp ndi pa Facebook. Zithunzi zijambulidwe masana, mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo m'kati mwa thanki, malo adzimbiri, ndi masipeyala atayalidwa. Kavidiyo kafupi ka injini ikulira kamayankha mafunso ambiri. Bulu buku isajambulidwe n'kuikidwa pagulu, ndipo manambala a chesisi aonetsedwe kwa wogula amene wafika yekha, chifukwa akathyali amatenga zithunzi zotere n'kumagulitsa nazo njinga zimene alibe.

Chilengezo chinene zoona zonse: modelo, chaka ngati chikudziwika, zaka zimene yakhala osayenda, chimene chinaimitsa, zimene zakonzedwa ndi zimene zatsala. Kubisa chilema kumabwerera mwini wake, pakuti kuno wogula ndi wogulitsa adzakumananso pamaliro kapena pa msika. Mawu ngati akuti, "Bambo, injini ikulira koma ikufuka utsi, ndipo foloko yakumanzere ikudontha, mtengo ndauika poganizira zimenezo," amatseka pakamwa wogula amene anabwera kudzanenerera pa zilema zomwezo.

Wogula alandiridwe masana, pakhale anthu ena awiri kapena atatu. Ndi bwino kuti apeze injini ili yozizira, ailize yekha. Wofuna kuiyesa asiye kaye chiphaso chake cha unzika ndi ndalama m'manja mwa mboni, aonetse laisensi, avale chipewa chodzitetezera, ndipo ayendere pabwalo kapena pa kanjira ka pafupi. Njinga yopanda inshuwalansi ndi chiphaso chosonyeza kuti ili bwino siyenera kukwera pa msewu waukulu, ndipo ngozi ikachitika, dzina limene apolisi adzalipeze ndi la m'bulu buku.

Ndalama, kalata ndi kusintha dzina

Malipiro akhale athunthu. Ngongole ya njinga imavuta kutolera, chifukwa chilichonse chimene chidzawonongeke wogula adzachisandutsa chifukwa chosamalizira. Ngati wapereka chikole, njinga, kiyi ndi bulu buku zikhalebe pakhomo mpaka atamaliza, ndipo tsiku lomalizira lilembedwe. Ndalama zamapepala ziwerengedwe pamaso pa mboni. Zikadzera pa Airtel Money, pa TNM Mpamba kapena ku banki, wogulitsa aone yekha balansi pa foni yake, osakhulupirira uthenga umene wangolowa kapena chithunzi chimene wogula akumuonetsa, pakuti mauthenga abodza otere anapusitsa kale anthu ambiri. Nambala yachinsinsi isauzidwe wina aliyense.

Kalata ya mgwirizano ilembedwe ziwiri zofanana, iliyonse isainidwe ndi onse. Mukhale tsiku, mayina ndi manambala a ziphaso za unzika za wogula ndi wogulitsa, modelo, nambala ya pa msewu, ya chesisi ndi ya injini, mtengo m'manambala ndi m'mawu, mndandanda wa masipeyala amene apita nawo, zilema zimene zanenedwa, ndi mawu akuti wogula waiona ndipo waitenga momwe ilili. Mboni zikhale za mbali zonse ziwiri. Chidindo cha a nyakwawa kapena a gulupu chimalimbitsa kalatayo pakabuka mkangano kumudzi, ngakhale sichilowa m'malo mwa mapepala a boma.

Malonda amatha pokhapokha dzina litasinthidwa ku Road Traffic. Anthu ambiri amangopatsirana bulu buku, njinga n'kudutsa m'manja atatu kapena anayi dzina likadali la mwini woyamba. Ikadzagunda munthu, ikadzagwidwa itanyamula katundu woletsedwa, kapena ikadzabedwa, amene adzayankhe mafunso ndi iyeyo kapena banja lake. Choncho agwirizane pa kalata pomwepo kuti ndani alipira zosinthira dzina ndiponso tsiku limene adzapitire limodzi ku ofesi, ndipo wogulitsa asunge fotokope ya bulu buku ndi ya chiphaso cha wogula.

Njinga yosayenda kapena yopanda inshuwalansi ichoke pakhomo itakwezedwa pa lole kapena pa pikapu, mafuta atakhuthulidwa, itaimitsidwa chilili n'kumangidwa ndi zingwe kumahandulo ndi kumbuyo. Woinyamula atenge kalata ya mgwirizano ndi bulu buku m'thumba, chifukwa pa malodibuloko a M5 ndi a msewu wa M18 wopita ku Kasungu apolisi amafunsa umboni wa njinga yonyamulidwa. Petulo wowola ndi oyilo wakuda wotsala pakhomo zisungidwe m'zigubu zotseka n'kuperekedwa ku galaja, osakhuthulira pansi pafupi ndi chitsime, mumtsinje kapena m'nyanja. Batire yakale ili ndi asidi ndi mtovu. Iikidwe posafika ana mpaka itaperekedwa kwa ogula mabatire akutha.